Nyimbo yanga ikulira bala iliyonse kuno kuchigwa koma ine thumba lili mbee, ndipange bwanji?

Admin ndibiseni dzina chonde. Akuluakulu ndigaireniko nzeru. Ndine mnyamata wa ku Ngabu, ndimayimba zachisena zothira kakomedwe ka utse ndi valimba, ndinayambira kukwaya kenako gitala. Chaka chatha ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuphatikiza ndalama ya thonje nkukwera minibasi mpaka ku Blantyre kukajambula nyimbo zitatu. Imodzi yagwira moto moti ineyo sindikumvetsa, pa Nchalo anthu a kumizimbe akalandira ikulira bala iliyonse, a kabaza ku Nsanje boma ali nayo mumafoni, msuweni wanga akuti anaimva mpaka kudutsa Marka ku Mozambique uko.

Koma ndalama? Olo ya sopo.

Chandipweteka kwambiri ndi dzulo. Ndinapita pa burning centre kukatchajitsa foni poti magetsi kwathu anali atathima, mnyamata wapamenepo akundiuza kuti madala bweretsani memory card ndikuikireni nyimbo yomwe yavuta pano, kuitsegula ndi yanga yomwe. Dzina langa palibe analemba "Sena hit" basi, ndipo amafuna ndimulipire ine mwini wake kkkk ndinangoseka koma mumtima ndimalira. Akuluakulu akale amati nthawi ya makaseti umangopititsa chimbale kwa OG Issa ku Limbe nkubwerako ndi ndalama yogulira malata, ife tabadwira nthawi yoti nyimbo imayenda pa WhatsApp ngati uthenga wamaliro.

Pano ndasungako kandalama pang'ono, mayi akunyumba akuti ndigule sipika ndi kiyibodi ndizikaimba mumaukwati ndi muzinkhoswe, anzanga akuti ndijambule vidiyo ndiike pa YouTube ndi Spotify, ena akuti ndisiye chisena ndiziimba amapiano kuti ndilowe mutauni. Mutu wanga wazungulira.

Ndemanga:

Achimwene musanaganize za vidiyo kalembetseni kaye ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso. Bungweli lilipo kuyambira 1992 ndipo ntchito yake ndi imeneyo, amatolera ndalama kumawayilesi ndi malo achisangalalo, palinso ija ya blank media levy yochokera pa mafoni ndi ma flash olowa mdziko muno. Sikuti mulemera nayo ayi koma osalembetsa salandira olo tambala. Komanso funso, munagwirizana chani ndi producer wanu? biti ndi yandani? Ambiri amalirira pamenepo.

Mbuya chisena musasiye!! oimba amapiano ku Blantyre adzaza ngati nyerere, mukakafika kumeneko mudzakhala wa nambala chani? Chakupangitsani kumveka ndi chomwecho mukufuna kutayacho.

Za intaneti musazikhulupirire kwambiri aise. Agogo Giddes Chalamanda nyimbo yawo inazungulira dziko lonse pa TikTok eni ake ali ku Chiradzulu opanda ndi foni yaikulu yomwe. Nde omvera anu a ku Bangula ndi Makhanga ndi angati angagule bandulo kuti akumvereni pa Spotify? Mverani akazi anu, ukwati amalipira pompopompo kuonjezera kufupa.

Ine ndili ndi burning centre ndipo musamatinyoze, popanda ife nyimbo imeneyo ikanathera mu foni mwanu. Chomwe mungapange muzitchula dzina lanu koyambirira kwa nyimbo ngati amapangira anzanu, olo tisinthe dzina la fayilo mawu anu sitingafufute. Mupitenso nayo nokha ku wayilesi ya Nyathepa ku Nsanje akakuoneni nkhope.

Mwini positi: Takhuta nonse. Za dzina koyambirirako zandilowa, sindinaganizeko. Koma za producer mwandiopsa, sitinalemberane kanthu ndinangomupatsa ndalama pamanja nkundiikira nyimbo mu flash, ndipo kuyambira mmawa ndikumuimbira sakuyankha. Alipo amene analembetsako ku COSOMA opanda pepala la ku studio andiuze zinayenda bwanji, ndisanawononge thiransipoti kukwera Thabwa.