Madiresi a crepe paper a pa Valentine akung'ambika, thandizeni

Wa decor, Area 25: Anzanga ndithandizeni chonde. Kasitomala wanga akufuna phwando la Valentine pa 14 February, akuti likhale lachikale ngati ku America m'ma 1920, atsikana operekera zakudya avale madiresi ofiira ndi oyera a crepe paper, pepala lopyapyala la timakwinya lija, timitima paliponse. Ndamata ndi guluu koma siketi ikung'ambika munthu akangoti akhale pansi, komanso pomwe ndamatapo pakusuluka utoto.

Telala, Ndirande: Asisi vuto ndi loti mukufuna pepala likhale diresi palokha, eni ake sankatero ayi. Kampani ya Dennison ya ku Framingham, Massachusetts, yomwe inkapanga pepalali, inkatulutsanso timabuku tophunzitsa anthu, ndipo ankasokera pepala pa chovala chamkati cha nsalu. Ndiye sokani kaye pitikoti ya nsalu yotchipa, pepalalo mudule tizidutswa tatitali muzisokera kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, kapamwamba kaziphimba msoko wa kanzake. Makina muike sitichi yaitali, mukaika yaing'ono singano imaboola pafupipafupi basi pepala kuduka lokha pa msoko pomwepo.

Wa decor, Area 25: Moti limasokeka pa makina achimwene??

Telala, Ndirande: Kwambiri. Koma muone timakwinya take, tiime chotsika kuchokera m'chiuno kupita m'maondo, chifukwa pepalali limatamuka mopingasa timakwinyato, ndiye munthu akamayenda siketi izimulola. Kumphepete mugwire ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kumakoka pang'onopang'ono, kumapindika bwino zedi ngati duwa.

Wa maluwa, Zomba: Ine nkhawa yanga ndi madzi. February ndi dzinja amayi, crepe yofiira ikangodonthera madzi ngakhale thukuta imasuluka, ndipo ikakhudza shati yoyera ya mlendo mudzayankha ndinu. Guluu wamadzi uja ndi amene akukusulutsirani utoto, musiyeni. M'khwapa ndi m'khosi musaikemo yofiira, musiye nsalu kapena yoyera. Madiresiwo muwanyamule m'mapulasitiki akuluakulu, atsikanawo akavalire konko.

Wa makeke, Mzuzu: Ndipo makandulo ayi chonde. Pa Valentine aliyense amafuna kandulo patebulo, magetsi akazimanso ndiye anthu amayatsa paliponse, pomwe mwana wa eni wavala pepala akuwerama ndi mbale. Gulani timakandulo ta mabatire tija, kasitomala mumuuziretu lero lomwe asadzakudabwitseni pa tsikulo.

Wa maluwa, Zomba: Zoona zimenezo. Timitima dulani pa manila yofiira, ndi yolimba, mubowole n'kulowetsa ulusi tizilendewera pakhomo. Tina mudule pakati mokhotakhota, mlendo aliyense atenge theka polowa azikafunafuna amene ali ndi theka linalo, anthu amamasukirana msanga.

Telala, Ndirande: Kumbuyo kwa siketi musadzaze kwambiri, pokhalira pamaphwanyika. Kasitomalayo mumulipiritsenso za nsalu ndi kusoka, imeneyi si ntchito yomata chabe.

Wa decor, Area 25: Zikomo nonse, mwandipulumutsa. Mawa ndikagula nsalu ndisoke imodzi kaye, mwana wanga aivale akhale pampando ayendeyende nayo, ikapirira ndiye ndidule zinazo. Achimwene a ku Ndirande foni ikhale pafupi, ndikutumizirani chithunzi cha msoko muuone ndisanapitirize.