Lupanga la Mfumu Arthur: ndi limodzi kapena awiri?

Abale, ndithandizeniko. Mwana wanga wazaka 11 amupatsa ntchito kusukulu kuno ku Bristol, ku England, kuti akafotokoze nthano ya Mfumu Arthur, ndiye dzulo tatsutsana patebulo mpaka nsima kuzizira.

Iye akuti Excalibur ndi lupanga lija Arthur anazula pamwala ali mnyamata. Ine ndinatsegula buku la Thomas Malory, losindikizidwa ndi William Caxton mu 1485 (Chingerezi chake n'chopweteka mutu, musandifunse). M'menemo lupanga la Arthur likuthyoka pomenyana ndi mfumu ina, Pellinore, kenako Merlin, wamatsenga amene ankamulangiza, akumutengera kunyanja, komwe dzanja likutuluka m'madzi litagwira Excalibur. Ndinati ndapambana. Koma pobwerera m'mbuyo ndinapeza Malory yemweyo atatchula kale dzina la Excalibur pankhondo yoyambirira, za kunyanjazo zisanachitike! Mwanayo anandiseka mpaka kugwetsa supuni.

Geoffrey wa ku Monmouth, amene analemba m'zaka za m'ma 1130, amalitchula Caliburnus, losulidwa pachilumba cha Avalon, za mwala palibe. Mwalawo unabwera pambuyo pake ndi mlembi wina, Robert de Boron wa ku France.

Ndiye inu odziwa, mwanayu akanene chiyani m'kalasi: malupanga awiri, kapena limodzi lomwe olemba anangolisinthasintha? Komanso amene munafikako ku Glastonbury, kumene amonke ananena mu 1191 kuti apeza manda a Arthur, kodi kuli zoti mwana n'kuona, kapena tingotha mafuta Loweruka likubwerali?