AE110 ikungotha mafyuzi a wailesi, thandizeni akuluakulu

Mphwanu wa ku Biwi:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi Corolla AE110 ya 1997 pano, ya aphunzitsi enaake, abwera nayo mmawa akuti wailesi inangozima dzulo ali mu msewu. Ndatsegula kabokosi ka mafyuzi kamkati kumbali ya dalaivala, ndapeza ya CIG ya 15 yapsa. Ndaika ina, kungopotokola kiyi kufika pa ACC (paja wailesi imayaka injini isanalire) thwa! yapsanso, pano ndatha zitatu ndipo bwana wanga wapita ku Mchinji kumaliro foni yake sikupezeka. Ndiike ya 30 mwina ipirira? Aphunzitsiwo akhala pa benchi apa akungondiyang'ana

Mdala wa Ndirande:
Mwana iwe usayerekeze. 30 ya chani? Fyuzi imeneyo sanaiike kuti iziteteza wailesi, imateteza waya. Waya wa laini imeneyo ndi wochepa, ukaika ya 30 yobiriwira ija fyuzi ikhala bwinobwino koma waya ndi amene atenthe kuseri kwa dashibodi komwe iwe sukuona, ukamamva fungo la pulasitiki ndiye kuti kwatha kale. Pa chivundikiro alemba 15 ika 15, ya buluu, basi.

Wa ku Zingwangwa:
Wailesi imeneyo yapita aise, ingowauza agule ina. Ndi yoyambirira ya ku Japan kapena anasinthitsa?

Mphwanu wa ku Biwi:
Anasinthitsa, muli Pioneer yakale ija ya fulashi. Akuti yobwera nayo galimoto inkathera pa 90 FM sinkagwira ma siteshoni ambiri ndiye anachotsetsa kalekale

Achemwali a ku Luwinga:
A Zingwangwa musamathamangire kuweruza wailesi, mukufuna munthu aononge ndalama chinthu chili chamoyo? Pioneer imeneyo ili ndi kafyuzi kake kumbuyo, kawirikawiri ya 10 yofiira, shoti ikanakhala mkati mwa wailesi nthawi zambiri ikanayamba kupsa imeneyo. Achimwene a ku Biwi siyani kaye kuotcha mafyuzi. Tengani babu ya 21 watts ya indiketa kapena ya mabuleki, mangani mawaya awiri, limodzi pa kadontho kapansi lina pa thupi la babuyo, nsonga zake mulowetse mmene mumalowa miyendo ya fyuzi muja. Mukaika kiyi pa ACC babu ikawala kwambiri ndiye kuti shoti ilipo, ndipo palibe chingapse chifukwa babuyo ndi imene ikumwa moto. Kenako muzizula chimodzichimodzi zonse zodya pa laini imeneyo mukuyang'ana babu. Ikazima kapena kuzilala mwachipeza

Mdala wa Ndirande:
Eya, zimenezo ndiye ntchito. Ife tinaphunzira choncho multimeter, kachida koyezera magetsi kaja, tisanaione ndi maso. Anyamata a lero akangoona fyuzi yapsa akuthamangira kukulunga kapepala konyezimira ka mpaketi ya fodya, ine chaka china anandikokera minibasi pano mawaya onse a pansi pa chiongolero atasungunuka kukhala chimtolo chimodzi chifukwa kondakitala anaika kawaya ka kopa mmalo mwa fyuzi kuti nyimbo zisasiye, tinatha masiku anayi tikusenda ndi kulumikiza waya ndi waya, mwini wake ndalama imene analipira akanagula mafyuzi odzaza chidebe

Mphwanu wa ku Biwi:
Ndapanga za babu zija. Ikuwala ngati tochi. Ndasolola wailesi ndazula pulagi yake yonse koma ikuwalabe chimodzimodzi

Achemwali a ku Luwinga:
Ndiye wailesi ilibe mlandu. A Zingwangwa mwamva? kkkk. Tsopano dzina la fyuziyo likukuuzani kale kokayang'ana, CIG ndi soketi ya laita. Unikani mkati mwake ndi tochi ya pafoni, chotsani kiyi kaye musanalowetsemo chitsulo chilichonse

Wa ku Zingwangwa:
Chabwino ndavomera. Koma ine ndakumanapo ndi ziwiri zinali wailesi ndithu

Wa ku Joni:
Funsaninso mwini wake ngati amatchajira foni pamenepo. Ma chaja otchipa aja kumutu kwake kuli kachipewa kachitsulo komangidwa ndi mazinga, mkati muli kasipuling'i ndi kafyuzi kagalasi, ndi mabampu a mmisewu yathu kamamasuka nkutsalira mkati munthu akamazula. Kuno ndi ma Toyota Tazz akale timaziona sabata ndi sabata

Mphwanu wa ku Biwi:
Eeee akuluakulu ndinu madolo!! Mkati mwa soketi pansi penipeni munali kachitsulo kozungulira ndi kasipuling'i katagona chopingasa, kakukhudza pakati ndi mmbali, kachita kuda ndi moto mpaka kamamatira. Ndakoka ndi pulayala yosongoka ija. Ndawafunsa aphunzitsi atulutsa chaja mthumba mutu wake kulibe, akuti anaona kuti yasiya kutchaja koma sanaganize kanthu. Babu pano yazima, ndalumikiza wailesi babuyo ikungoyaka pang'ono kofiirira. Ndaika ya 15 yagwira, wailesi ikulira

Mdala wa Ndirande:
Wachita bwino. Koma usatseke dashibodi msanga. Yang'ana timapiko tamkati mwa soketimo ngati sitinapindike nkukhudza thupi, ndipo ugwedeze mawaya a kumbuyo kwake babu ili pomwepo uone ngati ikuphethira. Komanso fyuzi waikayo waigula kuti? Zina za mmapaketi otchipa zija zimalembedwa 15 koma sizipsa pa nthawi yake, pulasitiki imachita kusungunuka kachitsulo kali gwa. Ine bola yakale yozula mgalimoto yophwasula kusiyana ndi zimenezo

Mphwanu wa ku Biwi:
Ndazula ya sipeya inali pa bokosi la ku injini madala, yoyambirira. Koma pali kena. Ndikazimitsa kiyi nkuyatsanso wailesi ikuiwala ma siteshoni onse, ikuyambiranso pa chiyambi ndi zowalawala zake zija. Ndaononga ine kapena? Aphunzitsi akuti yakhala ikutero chiikireni, anazolowera kusaka siteshoni mmawa uliwonse

Achemwali a ku Luwinga:
Kkkkk zaka zonsezi bambowo akuvutika chonchi. Simunaononge. Wailesi imafuna moto uwiri, waya wofiira ndi wa ACC, wachikasu ndi wa batire wosazima umene umasunga ma siteshoni ndi nthawi. Onani kumbuyoko, ndikhulupirira woikayo anangopota wofiira ndi wachikasu pamodzi nkumanga pa ACC. Ngati sanatero onani fyuzi ya DOME ku injini, imeneyo ndi imene imapatsa moto wosazimawo pamodzi ndi getsi la kudenga. Getsi la kudenga likuyaka mukatsegula chitseko?

Mphwanu wa ku Biwi:
Likuyaka. Ndipo mwalasa achemwali, ofiira ndi achikasu apotedwa limodzi, tepi yake ndi ya selotepi yoyera ya mabuku ija, yachita kumata manja

Wa ku Joni:
Selotepi!! Ameneyo sanali wa magetsi, anali wokonza maambulera. Pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezo wosazima amakhala wa buluu wa mzere wachikasu, ACC ndi wotuwa, koma musakhulupirire mtundu pokha poti galimoto yadutsa mmanja ambiri, chotsani kiyi mugunde ndi testa, amene ayatse testa kiyi ali mthumba ndi yemweyo. Mangani ndi soda yowotcherera mawaya mutseke bwino, ndipo amene anadulidwa nkusiyidwa pamtunda mumutsekenso

Mphwanu wa ku Biwi:
Zatheka, wabuluu uja anangomupinda nkumusiya osatseka nkomwe. Ndalumikiza, ndazimitsa katatu siteshoni ili pomwepo. Aphunzitsi akuseka okha mgalimoto. Tsono ndiwatchaje bwanji poti mafyuzi atatu aja ndaotcha ndekha?

Mdala wa Ndirande:
Atatuwo ndi sukulu fizi yako, usawaikire. Tchaja ya kusaka shoti ndi ya kukonza mawaya a wailesi, bwana wako akabwera umuonetse kasipuling'iko. Ndipo chaja ija alande asakaibayenso mmenemo

Mphwanu wa ku Biwi:
Akukana madala, akuti akaikonzetsa ku msika