Mwana wanga wadzaza chitini ndi makobili koma m'mashopu akukana, nditani?

Mayi a Yamikani, Luchenza

Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7, ali sitandade 2, ndiye chaka chatha anayamba yekha kutola makobili aja a K1, K5 ndi K10 amene anthu amangowasiya pansi kumsika kapena m'minibasi. Anapeza chitini cha mkaka chakale, bambo ake anamuboolera kabowo pamwamba, basi tsiku ndi tsiku akaweruka kusukulu amaponyamo kenakake, mwina watola panjira mwina ndamutuma mchere chenje ndamusiyira. Ine mtima unali mbee chifukwa kwathu palibe anatiphunzitsa zosunga, ndalama ikabwera inkathera tsiku lomwelo.

Loweruka lapitali tinatsegula chitini nkuwerenga pa mphasa, inakwana K3,740 ndipo iye anati akufuna mpira. Tafika pa shopu ina mwini wake anangosuzumira m'jumbo nkunena kuti mayi izi ndikapita nazo kuti. Tinayesa mashopu ena awiri, chimodzimodzi. Mwana sanalire pamaso pa anthu koma njira yonse anali duu, pofika kunyumba chitini chija anachiponya kuseri kwa khitchini mpaka lero sanachitole. Zikundiwawa kwambiri. Ndimuuze chani mwanayu, ndipo makobiliwa ndipange nawo bwanji?

Agogo a ku Bvumbwe

Mwana wanga, choyamba makobiliwo ndi ndalama yovomerezeka ya dziko lino, anatulutsa ndi a Reserve Bank of Malawi ndipo wa shopuyo akungothawa ntchito yowerenga. Kubanki amalandira, ine ndinapititsapo ku Limbe, bola muwasanje bwino a K10 paokha a K5 paokha m'timapepala.

Koma musanapititse khalani pansi ndi mdzukulu wangayo muyang'ane limodzilimodzi, mwina muli ena akale. Kwacha inayamba mu 1971, isanabwere tinkagwiritsa mapaundi ndi masheleni, paundi imodzi anaisintha ndi K2. Nthawi imeneyo makobili onse anali ndi mutu wa Kamuzu, pa 1 tambala panali tambala weniweni, pa 10 tambala panali chimanga, pa 20 tambala njovu. Ine ndikugwira ntchito ku esiteti ya tiyi 20 tambala inali ndalama yoti umaimanga pa nsonga ya nsalu kuopa kutaya. Kenako anabwera a nkhope ya a Muluzi cha m'ma 1995, kenako ma K5 ndi K10 akuluakulu olemera aja a mitundu iwiri amene ankang'amba matumba, ndiye mu 2012 mpamene anabweretsa ang'onoang'ono amene mwana wanu akutolawa. Ine ndili ndi kabotolo ka akale ndipo adzukulu akabwera amandivutitsa kuti agogo tiwerengereni nkhani ya njovu. Amenewo musapereke kubanki, amusungire, tsiku lina sadzapezekanso.

Wakabaza pa Chitakale

Amayi pepani koma ine ndinena mosabisa, kusunga ndalama m'chitini masiku ano ndi kuluza. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndiye mwana akusunga K10 lero pofika chaka chamawa K10 yomweyo siigula ngakhale switi imodzi. Mandasi amene tinkagula K50 pano mukudziwa nokha. Ine mphwanga wamng'ono ndinamuuza kuti chitini chikangokwana timagula chinthu chamoyo, tinawonjezera pang'ono nkumugulira kamsoti ku Limbuli tsiku la msika, kanaikira mazira 11 kanaswa 8, awiri anatengedwa ndi mphamba koma 6 anakula. Pano yunifolomu yake wagula yekha ndipo m'mawa amadzuka yekha kukatsegulira nkhuku zake palibe womudzutsa. Chachikulu musaiwale katemera wa chitopa wodontheza m'diso uja nyengo yotentha isanafike, apo ayi mwana adzaliranso kachiwiri.

Aphunzitsi a ku Thyolo

Achimwene akabaza zanu ndi zoona koma mwathamangira kumapeto. Mwana wa zaka 7 sakudziwa za kugwa kwa kwacha, chimene waphunzira Loweruka lija ndi chakuti anavutika chaka chonse pachabe, ndipo chimenecho ndiye chofunika kukonza msanga asanakhazikike nacho mumtima. Nkhuku ibwere pambuyo.

Mayi a Yamikani, inu ndinu banki yake yoyamba. Muitaneni akatole yekha chitini chija, muwerengenso limodzi, aunjike makobili a K10 khumikhumi aone kuti mulu umodzi ndi K100, milu khumi ndi K1,000. Kenako inu muwagule makobiliwo, mumupatse m'manja K2,000, K1,000, K500, K200 ndi ma K20 awiri, ndendende K3,740 osachotsa ngakhale K1. Aone ndi maso ake kuti zitsulo zimene wa shopu anakana zasanduka mapepala amene aliyense amalandira. Za kubanki muvutike nazo ndinu, kapena mupite naye akaone akuwerengera pa kauntala, ana amakonda zimenezo.

Ine m'kalasi mwanga ana amene amasunga timakobili kunyumba masamu ophatikiza savutika nawo, amawerenga m'mafaifi ndi m'mateni mosavuta pomwe anzawo akuwerengabe zala. Ndipo pa ndalama zomwezo pali mbiri yathu, muonetseni John Chilembwe pa K2,000 ndi pa K500 mumuuze kuti kwawo kunali ku Chiradzulu pafupi pomwepa, Rose Chibambo pa K200, James Sangala pa K100. Mugulireninso kakope kakang'ono azilemba deti ndi ndalama imene waponya, ngakhale zilembo zikhale zokhota. Ndi kakope komweko kadzamuteteza kwa akuluakulu a m'nyumba, mukundimva.

NaBanda wa ku Muloza

Aphunzitsi mwandikhudza pamene mwati akuluakulu a m'nyumba. Ine ndine mmodzi wa iwo ndipo ndikufuna achemwali anga a ku Luchenza amve asadzachite zanga.

Mwana wanga wamkazi anayamba kusunga ali ndi zaka 8, m'botolo la mafuta ophikira. Kuno kumalire mumadziwa makobili amasakanikirana, ena a kwacha ena a meticais a ku Milange, iye ankawasiyanitsa bwinobwino, nthawi zina akandithandiza kugulitsa nanazi pamsewu ndimamupatsa K50 kapena K100 yapepala naponyanso momwemo. Atabwera namondwe wa Freddy mu March 2023 munda wathu wonse unapita ndi madzi, m'nyumba munalibe ngakhale ufa wa phala, ndiye usiku wina iye ali mtulo ndinang'amba botolo lija ndikutenga zonse zapepala kukagula chimanga. Njala inalipo inde, aliyense akanatenga, koma cholakwa changa ndi chakuti sindinamupemphe ndipo atafunsa m'mawa ndinati mwina ndi akuba. Anadziwa. Miyezi yambiri sanasungenso kanthu, akapeza K100 amathamanga kukagula zigege nthawi yomweyo, ndikamufunsa amati ndikasunga zimasowa.

Zinatheka kukonzeka titagawana ku banki m'khonde mu December, ndinamuitana nkumuuza zoona zake kuti ndinatenga ndine, ndinamubwezera yonse ndi kachiwongola dzanja pamwamba ngati mmene timachitira kugulu tikabwereka. Pano ndikasowa ya mchere ndimabwereka kwa iye poyera, amalemba, ndimabweza. Ndipo sheya imodzi kugulu kwathu ndi yake ngakhale ili m'dzina langa, tsiku logawana amapita nane kukakhala pa mkeka.

Wakabaza pa Chitakale

Amayi a ku Muloza ulemu wanu, si onse angavomere zimenezo pagulu. Ine bambo anga anandidyera mbuzi yanga ndili sitandade 5 osandiuza, mpaka lero ndimakumbuka mtundu wake. Aphunzitsi ndavomera, ayambe wagwira mpira wakewo kaye. Koma za nkhuku ndikuumirirabe, akadzadzazanso chitini chachiwiri musachisiye chaka chonse, miyezi itatu kapena inayi basi tsegulani.

Achemwali a ku Chonde

Kungowonjezera pang'ono, osamuikira pa Mpamba kapena Airtel Money pa foni yanu ngati ena amachitira, mwana wamng'ono safuna manambala a pa foni amafuna kugwedeza chitini amve kulemera, komanso ikakhala pa foni yanu mudzagulira mayunitsi osazindikira. Layini yakeyake sangakhale nayo pano poti chiphaso cha unzika amapereka pa zaka 16. Mabanki ena ali ndi ma akaunti a ana otsegula kholo, koma funsani kaye za ndalama imene amadula pamwezi musanasaine, kuchokera ku Luchenza thiransipoti yokha ikhoza kudya theka la zimene wasunga.

Mayi a Yamikani, Luchenza

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri makamaka zanu a NaBanda, chifukwa nanenso ndinatengamo K200 ya machesi ndi sopo mwezi wa June osamuuza, dzulo ndamuuza ndipo ndabweza. Tachita mmene ananenera aphunzitsi, poyamba amakana kukatola chitini koma bambo ake atatulutsa K2,000 nkuiika pa mphasa anathamanga yekha. Powerenga tapezamo 20 tambala imodzi ya njovu agogo, sitikudziwa anaitola kuti, waikulunga m'pepala akuti imeneyo sagulitsa kwa wina aliyense. Mpira amene amaufuna ndi wa K5,000 ndiye kuphatikiza K200 ndabweza ija yatsala K1,060, ndinafuna kumuwonjezera koma bambo ake akuti ayi adikire, azithandiza kuthirira dimba la masamba Loweruka tizimupatsa K200. Iye wawerenga yekha m'kakope kuti ndi Maloweruka 6. Makobili aja ali m'jumbo pansi pa bedi, ndipita nawo ku Limbe kumapeto a mwezi, ndipo akuti apita nawo akaone kubanki.