Kodi chiphunzitso cha Chiprotestanti ndicho chinazimitsa moto wa chipembedzo ku Ulaya?

Wophunzira zaubusa:
Pa kalembera wa 2022 ku Scotland, dziko limene linatitumizira amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, anthu oposa theka ananena kuti alibe chipembedzo. Kodi mbewu ya zimenezi inali kale m'chiphunzitso cha Luther ndi Calvin, atsogoleri oyambirira a Chiprotestanti, kapena namsongoleyu anachita kufesedwa ndi wina?

Mkulu wa mpingo:
Achimwene, ine ndikuona kuti mbewuyo inalimo ndithu, ngakhale eniakewo sanafune kuti zithere pamenepa. Iwo anachepetsa masakramenti kuchoka pa asanu ndi awiri kufika pa awiri, ndipo anakana kupemphera kudzera mwa oyera mtima, madzi odalitsidwa ndi maulendo opita ku malo oyera, kotero kuti Mulungu anakhalabe wamkulu koma dziko linatsala lopanda chozizwitsa, longoyenera kuliyeza ndi kuliwerengera. Luther anaphunzitsanso kuti ntchito ya wosoka nsapato ndi maitanidwe olingana ndi a wansembe. Max Weber, katswiri wa ku Germany wa za chikhalidwe cha anthu, polemba mu 1904 ndi 1905, anati zidzukulu za Aprotestantiwo zinasunga khama pa ntchito ndi pa chuma koma zinaiwala amene anaziitana.

Mphunzitsi wopuma:
Pepani bambo, apa sindikugwirizana nanu. France ndi dziko la Chikatolika, komatu ndi kumene boma linalanda chuma cha mpingo mu 1789 ndi kulekanitsa mpingo ndi boma mu 1905, pamene America, yodzala ndi Aprotestanti, yakhala yopemphera kwambiri kuposa Ulaya. Chimene chinavuta ndi kugawikana kwa Akhristu. Nkhondo ya pakati pa 1618 ndi 1648 itapulula anthu ku Germany, olamulira anayamba kufuna malamulo amene Mkatolika ndi Mprotestanti angawavomere onse osatsegula Baibulo.

Namwino wa ku Glasgow, ku Scotland:
Kuno ndimadutsa pa tchalitchi chakale cha miyala chimene tsopano amagulitsiramo mowa, ndipo mtima umandiwawa. Komabe nthawi yake imandikayikitsa. Mamembala a Church of Scotland anafika pachimake mu 1956, pamene anaposa 1.3 miliyoni, ndipo kugwa kwenikweni kunayamba m'ma 1960, patapita zaka pafupifupi 400 chiyambire Chiprotestanti m'dzikoli mu 1560. Agogo ena amene ndimawasamalira amati Lamulungu linasintha pamene mabanja anapeza magalimoto ndi wailesi yakanema, ndipo pa zonse zimene amadandaula sanatchulepo Calvin.