Ndani angandithandize kusamutsa manambala kuchoka mu Palm yakale kuno ku Mzuzu?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Amalume anga a ku Chibavi akugwiritsabe ntchito Palm Tungsten E2, kachipangizo ka 2005 kaja kolembapo ndi kandodo pagalasi. Mmenemo ndi momwe amasunga manambala a makasitomala awo, masiku a misonkhano ya kumpingo, ngakhalenso mayina a anthu amene ali nawo ngongole. Batire yake yafooka, siyikukhalitsa moto. Ndinawagulira foni ya Android koma akuti sasiya kachipangizoka mpaka zonse zitasamuka.

Vuto ndi lakuti zinthu izi zinatha pamsika. Kuchokera pomwe iPhone inatuluka mu 2007, kenako Android, kalendala ndi manambala zonse zinalowa mu foni. Kampani ya Palm nayo inagulidwa ndi HP mu 2010. Anyamata okonza mafoni amene ndawafunsa ku msika wa Taifa amangokatembenuzatembenuza n'kumaseka, ena akuganiza kuti ndi kalikyuleta. Sindikuwadandaula, ambiri anali makanda nthawi imeneyo.

Mwayi wake E2 siyitaya zomwe yasunga batire ikatheratu, mosiyana ndi mitundu ina yakale. Njira yomwe ndikuidziwa ndi kuyilumikiza ku kompyuta kudzera pa HotSync (njira ya Palm yokopera zomwe zili m'kachipangizoka kupita mu kompyuta), kutulutsa manambalawo mu Palm Desktop (pulogalamu yake ya pa kompyuta) ngati vCard (mtundu wa failo yosungira mayina ndi manambala), n'kuwalowetsa ku Google. Koma chingwe chake chinasowa kalekale, ndipo laputopu yanga ya Windows 11 siyigwirizana ndi madalaivala ake akale (timapulogalamu tothandiza kompyuta kuzindikira kachipangizoka).

Alipo amene ali ndi chingwe chotere, kapena kompyuta ya Windows XP yomwe ikuyakabe, kaya ku Luwinga kaya ku Katoto? Nanga alipo anayesapo kutumiza manambalawa pa Bluetooth mwachindunji? Ndilipira ndithu.