Msuzi wa kirimu ukulekana m'chafing dish, ndithandizeni Loweruka lisanafike

Nachisale, Turffontein

Anzanga ophika, ndalemba mothamanga chifukwa mutu wanga waima. Loweruka lapitali ndinaphikira anthu 60 pa phwando ku Midrand, ndipo mwini phwando anapempha nkhuku ya msuzi wa kirimu, adyo ndi bowa, yomwe ija ambirife timaphikira mabwana madzulo. Ndikamaphikira anthu anayi kapena asanu, msuzi umenewu sunandichititsepo manyazi. Ndinakazinga zidali mu batala n'kuziika pambali, ndinakazinga anyezi, adyo ndi bowa m'poto momwemo, ndinathira stock (madzi owiritsira nyama kapena mafupa), fresh cream ndi madzi a mandimu, kenako ndinabwezeramo nkhuku. Pochoka kunyumba msuzi unali wosalala bwinobwino. Ndinauthira m'chafing dish (thireyi ya chakudya yokhala pamwamba pa madzi otenthetsedwa ndi timoto, ma burner) cha m'ma 12 koloko, olankhula anatalikitsa, ndipo pamene ndinkavundukula cha m'ma 3 koloko, mafuta achikasu anali atayandama pamwamba, pansi pali timibulu toyera ngati chambiko. Kukoma kunalipo, koma alendo ambiri anangoyang'ana n'kudutsa kukatenga nyama ya ng'ombe. Loweruka likubwerali ndili ndi oda ya anthu 80 ku Randburg ndipo akufuna chakudya chomwecho. Ndichite chiyani kuti msuzi upirire maola atatu? Chonde musandiuze kuti ndisinthe menyu, chifukwa dipoziti ndalandira kale.

Gama, Rosettenville

Achemwali, tisanapite patali tiuzeni kuti nkhuku munagula yotani. Ngati inali ya m'mapaketi ya mufiriji, vuto lanu lili pomwepo. Nkhuku zimenezi amazibaya madzi amchere ku fakitale, ndipo kuyambira 2016 lamulo la dziko lino la South Africa limalola madziwo kufika 15 peresenti pa nkhuku yoduladula ndi 10 peresenti pa yathunthu. Pokazinga satuluka onse. Ena amapitiriza kuchucha nkhuku ili kale m'msuzi, ndipo pakatha maola awiri kirimu uja amakhala atasungunuka ndi madzi amchere. Ine ndinasiya kalekale kugula nkhuku yotere pa oda ya msuzi woyera.

Nachisale, Turffontein

Achimwene a Gama, nkhuku inali ya fresh, ndinaigula ku butchala Lachisanu madzulo. Sinalowe m'firiza ngakhale pang'ono.

Gama, Rosettenville

M'firiza mwanu sinalowe, koma kodi mukudziwa kumene inagona isanafike pa kauntala? Alipo mabutchala amene amasungunula nkhuku ya mufiriji usiku n'kuiyala m'mathireyi m'mawa. Mukaiika m'chiwaya chotentha n'kuona madzi oyera akutuluka m'malo moti nyama ifiire, dziwani kuti mwagula madzi.

Mbewe, Fordsburg

A Gama, zomwe mukunenazo zimachitikadi, koma madzi a nkhuku amangochititsa msuzi kukhala wamadzimadzi ndi wamchere. Timibulu tomwe a Nachisale akufotokoza timabwera ndi zinthu ziwiri zina, ndizo mandimu ndi moto. Chilichonse chowawasa, kaya ndi mandimu, vinyo, tomato kapena viniga, chimaumitsa mapuloteni a mkaka, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchitoyo. Chomwe chimateteza kirimu ndi mafuta ake. Whipping cream wa mafuta opitirira 30 peresenti amapirira kuwira ndithu, koma mukamusungunula ndi stock yambiri, monga momwe tonse timachitira pophikira gulu kuti mtengo utsike, chitetezo chija chimachepa. Kunyumba simuona vuto chifukwa chakudya chimachoka pamoto n'kupita patebulo m'mphindi khumi, mandimu asanagwire ntchito yake. Inu munawapatsa maola atatu.

Chachiwiri, ndikukhulupirira kuti munayatsa ma burner onse awiri n'kuwasiya otsegula. Kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho madzi amawira pa madigiri 94 kapena apo, ndipo ambiri amaganiza kuti kutentha kumeneko n'kochepa. Kwa msuzi wa kirimu ndi batala n'kochuluka kwambiri. Madzi a pansi akamabwata, m'mphepete mwa thireyi msuzi umayamba kutentha kwambiri, ndipo batala ndiye amayamba kutuluka. Msuziwo uyenera kukhala pakati pa madigiri 65 ndi 70.

Kuntchito kwathu timaphika butter chicken tsiku lililonse, ndipo muli tomato wochuluka. Tomatoyo timamuphika yekha nthawi yaitali mpaka kuwawasa kutachepa, ndipo kirimu samalowa mu poto wamkulu. Amalowa m'chiwaya oda ikabwera. Inu mulibe mwayi umenewo pa buffet, choncho mangani msuzi ndi roux, yemwe ndi batala wosakaniza ndi fulawa pamoto. Sungunulani magalamu 60 a batala, thiranimo magalamu 60 a fulawa pa lita iliyonse ya msuzi, takasani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti fungo la fulawa lichoke, thirani stock yotentha pang'onopang'ono, kirimu pomaliza. Sitachi amagwira mafuta ndi madzi pamodzi. Madzi a mandimu musathire. Palani khungu lachikasu la ndimu kuti mupeze fungo, ndipo mandimu oduladula muike m'mbale pambali kuti wofuna adzifinyire yekha.

Nabanda, Bryanston

Ine ndikufuna kuchenjeza za mtundu wa kirimu, chifukwa mabotolo ake amafanana pa shelefu. Ndinagwirapo ntchito m'nyumba ina kumene adona anali pa dayeti, ndipo anandiletsa fresh cream n'kundigulira yogati wopanda mafuta kuti ndiphikire nkhuku ya alendo asanu ndi atatu. Ndinawauza kuti sizitheka, iwo anati anaziona pa intaneti. Yogatiyo atangokhudza poto wotentha anasanduka timibulu pomwepo, alendo ali kale pabalaza akumwa vinyo. Ndinasefa msuzi wonse ndi sefa ya tiyi, n'kuupanganso ndi mkaka ndi Maizena (sitachi wa chimanga), uku adona ataima pakhomo la khitchini akundifunsa mphindi iliyonse ngati zatheka. Kuyambira pamenepo yogati, amasi (chambiko) ndi sour cream sindizithira pamoto woyaka. Ndimazimitsa kaye, ndimatapa msuzi wotentha pang'ono n'kusakaniza nazo m'kapu, kenako ndimathira. Pa oda ya maola atatu zinthu zitatuzi musaziyandikire n'komwe. Samalaninso ndi majarini wa m'zidebe wolembedwa kuti spread, chifukwa mwa iye muli madzi ambiri ndipo roux yake sigwira ngati ya batala, amene mafuta ake amafika 80 peresenti.

Gama, Rosettenville

Zonsezi n'zabwino, koma ine ndakhala ndikuthira mandimu mu msuzi wanga zaka zonsezi ndipo sulekana. Kusiyana kwa ine ndi a Nachisale ndi nkhuku basi. Roux ya a Mbewe idzangobisa madziwo kwa ola limodzi, kenako adzaonekera m'mphepete.

Mbewe, Fordsburg

A Gama, inu mumaphikira banja la anthu asanu ndipo amadya nthawi yomweyo. Tikukamba za anthu 80 ndi chafing dish.

Nkhoma, Cosmo City

Ndaona kuti tonse tikulimbana ndi maonekedwe a msuzi, choncho ndiloleni ndinene zomwe zimandiopsa ine. A Nachisale, mukamva kuti moto ndi umene wawononga msuzi, musaganize zozimitsa ma burner kuti chakudya chikhale chofunda chabe. Nkhuku ndi kirimu zikatsika pansi pa madigiri 60 n'kukhala choncho maola angapo, tizilombo timaswana msanga kwambiri, ndipo fungo silikuchenjezani. Malamulo a R638 a 2018, omwe amatipatsira Certificate of Acceptability (chiphaso cha malo ophikira chakudya chogulitsa) ku khonsolo, amafuna kuti chakudya chotentha chisungidwe pa madigiri 60 kapena kupitirira. Nkhukuyo pakati pake ifike madigiri 75 pophika. Ngati mulibe thermometer yobaya, gulani musanagule china chilichonse, chifukwa malire a 60 ndi 70 simungawadziwe ndi maso.

Ndinathandizapo pa ukwati wina kumene wophika wamkulu anaphika nkhuku ya kirimu usiku wa Lachisanu kuti m'mawa asavutike. Anaisiya mu poto wamkulu wa malita 50, wovundikira, n'kuulowetsa m'firiji uli wotentha, ndipo usiku womwewo magetsi anazima maola anayi. M'mawa pamwamba panali pozizira, koma titalowetsa chipande pakati panali pofunda ndipo panatuluka thovu. Iye anafuna kuti tiwiritsenso n'kupereka. Tinakana, tinataya yonse, ndipo tinathamanga kukagula nkhuku yowotcha kale kuti alendo asabwerere ndi njala. Kuwiritsanso sikuchotsa poizoni amene tizilombo tina timasiya m'chakudya. Ngati mukuphika Lachisanu, gawani m'mathireyi osaya kuti chizizire msanga, ndipo yang'anani ndondomeko ya magetsi ya dera lanu musanadalire firiji.

Nachisale, Turffontein

Zikomo nonse. Ma burner ndinayatsadi onse awiri. A Mbewe, kodi ndingagwiritse ntchito Maizena m'malo mwa fulawa, popeza mwini oda wanena kuti pali alendo awiri amene sadya za tirigu? Komanso kodi ndi bwino kunyamula msuzi paokha, nkhuku paokha?

Mbewe, Fordsburg

Maizena atheka, supuni imodzi yaikulu pa mamililita 250 aliwonse, musungunule m'madzi ozizira kaye. Koma dziwani kuti msuzi wa Maizena ukakhalitsa pamoto n'kumatakasidwa kawirikawiri umayamba kumasuka, pomwe wa fulawa umapirira. Ine ndikanaphikira awiriwo kapoto kawokawo, ndi chipande chakechake, ndipo ndikanayang'ananso paketi ya stock, chifukwa ma cube ena amakhala ndi tirigu. Kunyamula paokha ndiye nzeru yeniyeni. Musadzaze thireyi yonse nthawi imodzi. Gwiritsani ntchito ma half pan (mathireyi a theka), muzithira msuzi pa nkhuku yokwanira anthu 20 okha, wotsalawo ukhale wotentha kumbuyo. Burner imodzi yokha, yotsekedwa theka, ikwanira madzi akatentha. Ndiwonjezere kuti zidali siziyenera ntchito imeneyi. Pakatha maola atatu zimauma ngakhale zili m'msuzi. Ntchafu zochotsa mafupa zimapirira.

Nabanda, Bryanston

Wina akuuzani kuti muthire Cremora chifukwa salekana. N'zoona kuti salekana msanga, koma si kirimu. Ndi mafuta a zomera ndi shuga wa glucose, ndipo msuzi wa adyo umatsekemera modabwitsa. Munthu amene walipira fresh cream adzazindikira pa supuni yoyamba. Bowa nayenso mumukazinge payekha, pang'onopang'ono, mpaka madzi ake aphwe n'kuyamba kufiira. Mukamuunjika m'poto amangobwata, ndipo madzi akudawo amadetsa msuzi.

Gama, Rosettenville

Ntchafu zomwe a Mbewe akunenazo ndiye zimabayidwa madzi kwambiri m'mapaketi aja. A Nachisale, pitani nokha m'mawa, mufunse tsiku lomwe nkhuku inaphedwa, muikanikize ndi chala musanalipire. Mukachita zina zonsezi n'kusiya chimenechi, mudzandikumbuka.

Jere, Yeoville

Pepani kulowerera. Ine ndili ndi oda ya ziwindi za nkhuku za peri-peri za kirimu Lamlungu ku Kempton Park, ndipo sosi wa peri-peri amene ndimagwiritsa ntchito ali kale ndi viniga ndi mandimu, moti sindingazichotse. A Mbewe, kodi magalamu 60 aja akwanira pamenepa, kapena ndiwonjezere? Ziwindi sizingadikire pambali nthawi yaitali ngati ntchafu, zimalimba.